Ntchito ya Pachitunda

"Imani pomwepo, abambo. Lero simukwera."

Isake Samsoni anaima pakati pa mizere ya tiyi, chikwama cha laputopu chili paphewa. Amene anamuimitsa anali a Blackson, kapitawo wa othyola tiyi, munthu amene masiku onse ankamupatsa moni akuseka. M'mawa umenewu sanaseke. Kumbuyo kwawo amayi angapo anali atatula madengu, akungomuyang'ana.

Isake anali atakhala pa esitetiyo miyezi inayi. Mkazi wake Maud atapeza ntchito ya unamwino pachipatala cha mishoni, iye sanadandaule kuchoka ku Blantyre pamodzi ndi mwana wawo Suwi. Ntchito yake inali yomasulira timabuku ta zaumoyo m'Chichewa, ndipo bungwe la ku Lilongwe lomwe linkamutuma silinkafunsa komwe akukhala, bola ntchito ifike pa imelo. Anakonda kuzizira kwa ku Thyolo ndi bata lake. Chomwe sanaganizire n'chakuti nyumba yawo inali m'chigwa, momwe foni sinkagwira n'komwe. Netiweki inkapezeka pachitunda pokha, pansi pa mabulugamu awiri. Kumeneko ndiko ankakwera Lachiwiri ndi Lachisanu, n'kulumikiza foni ku laputopu ndi kachingwe, n'kudikira mwina ola lathunthu kuti ntchito ipite.

"Kwagwanji, a kapitawo?" anafunsa.

"Mwana wa mayi Eneless, amene amathyola nafe kuno, ali kuchipatala. Akuti magazi amuthera."

"Pepani kwambiri. Malungo amatero. Mayi akunyumba ali komweko, amuthandiza."

"Eya, inu kuno, iwo uko," anayankha mayi wina wamtali. Anali Teleza, mng'ono wake wa Eneless. "Lachiwiri ndinadutsa kumbuyo kwanu. Ndinaona ndi maso angawa: mkono wa munthu, jakisoni, thumba lodzaza magazi, zonse zili m'chigalasi chanucho. Chingwe chili lendelende."

Mphekesera za opopa magazi Isake anali atazimva kumsika, koma anangoziseka.

"Mayi, chinali chithunzi chabe. Ndikumasulira kabuku kolimbikitsa anthu kupereka magazi."

"Kupereka magazi! Mwamva nokha!"

Amayi aja anayamba kulankhula m'Chilomwe, mofulumira, onse nthawi imodzi. Isake, mwana wa ku Ntcheu, anangotolapo dzina lake lokha.

"Bwerani ndikuonetseni," anatero uku akutsegula zipi.

Amayi anabwerera m'mbuyo, wina n'kukuwa. A Blackson anamugwira dzanja n'kumukokera pambali.

"Tsekani, abambo. Ine sukulu ndinapitako, ndikudziwa kuti ndi kompyuta. Koma anthu akufunsa kuti mwamuna wamkulu, wosadzukira ntchito iliyonse, amadya chiyani? Nkhaniyi yafika kale ku Khonjeni. Akabwera anyamata a kumeneko, ine ndili ndi kandodo kokhaka."

Tsikulo linali Lachisanu, ndipo kabukuko kankafunika ku Lilongwe dzuwa lisanapendeke kuti kapite kosindikiza. Isake anatsika chitunda n'kupita ku ofesi ya esiteti kukapempha kugwiritsa ntchito lamya yawo. Kalaliki anamuyankhira pawindo kuti bwana ali ku fakitale, ndipo lamya ndi ya kampani basi. Anapita pamphambano pomwe pamaima akabaza kuti amufikitse kumsewu waukulu. Anali anayi. Woyamba anati tayala laphwa. Wachiwiri anayang'ana chikwama, n'kukwera njinga yake, n'kumapita wopanda munthu. Otsalawo anangowerama.

Anabwerera kunyumba, n'kukhala pakhonde, ntchito yonse ili m'chikwama, yomalizidwa bwinobwino. Chitunda chinkaoneka apo, ulendo wa mphindi khumi.

Maud anafika dzuwa likadali m'mwamba, nthawi yoweruka isanakwane. Anakhala pa sitepe osavula nsapato.

"Andiuza kuti ndipume kaye mpaka Lolemba," anatero. "Ndikalowa mu wodi, amayi akufunditsa ana awo. Atatu akana jakisoni wanga."

"Nanga mwana uja?"

"Magazi omuyenera analipo, abambo a Suwi. Thumba tinali titabwera nalo kale. Eneless atandiona ndili nalo m'manja, anamubereka mwana n'kutuluka. Adokotala amutsatira mpaka pageti, wakana. Apita naye kunyumba."

"Achira?"

Maud anangoyang'ana zikhatho zake.

Mwana wawo Suwi anali m'nyumba, atabwerako kusukulu msanga chifukwa anzake anakana kukhala naye desiki imodzi.

"Tipite kupolisi," anatero Isake.

"Tikanene ndani? Palibe wakumenyani. Ndipo galimoto ya polisi ikaima pakhomo pano, anena kuti boma likukutetezani chifukwa mukuligwirira ntchito."

"Ndiye ndichite chiyani? Ndisiye ntchito? Ndikathyole tiyi kuti andikhulupirire?"

"Mupite kwa achimwene anu ku Chilomoni, inu ndi Suwi. Mwina akasiya kukuonani, mitima itsika."

"Nanga iwe?"

"Ine ndinasaina zaka ziwiri. Ndipo ana akudwalabe."

Isake anasamukira kuno kuti banja likhale pamodzi, ndipo sanalakwire munthu aliyense.

Kutacha, nkhungu ili tolotolo m'chigwa, anakulunga laputopu m'chitenje cha Maud n'kuiika pansi pa zovala m'thumba la chimanga. Maud anawaperekeza mpaka pa mlatho, n'kumukonzera Suwi kolala ya juzi, kenaka anatembenuka msanga. Bambo ndi mwana anayamba kukwera wapansi kulowera kumsewu waukulu. Atapita pang'ono anamva amayi akulira maliro ku nyumba za antchito, komwe ankakhala Eneless. Suwi anafunsa kuti kwachitika chiyani. Isake anamugwira dzanja mwamphamvu, n'kumuuza kuti ayende mofulumira.