Njere za Tende za a Beya

"Tsegulani a Shedliya! Ndikudziwa muli momwemo, nkhuku yofungatira mazira!"

Anali a Beya a khomo linalo, mkeka woswalira uli m'khwapa. Chimwalirireni amuna awo, a Shedliya sankatuluka ngakhale kukaothera dzuwa. Ankangogona maso ali kudenga. Ndiye sabata imeneyo a Beya anayamba kumagogoda azana ikangomveka kumzikiti.

"Mutu wanga wabooka ngati sefa," anatero a Beya. "Ndikumasokoneza marakaa, maulendo owerama aja, poswali. Imani pambali panga, ndizitsatira inu."

A Shedliya anawayang'ana cham'mbali. Beya yemweyu, wokumbukira nsalu imene aliyense anavala paukwati wa chaka cha dzombe, lero alephere kuwerenga mpaka zinayi?

"Wakutumani ndani? Mwana wanga Lotfi, eti? Waimba foni kuchokera ku Tunisi kuti muzindilera ngati khanda?"

"Lotfi wanuyo ndi moni yemwe amaumira. Dzukani apa, swala sidikira wamasiye."

Anaswali ndithu. Koma a Shedliya, Mulungu awakhululukire, pakamwa anali ndi mawu oyera, diso lili pa mnzawo. A Beya ankawerama bwinobwino, osaphonya.

"Chikomekome cha mkuyu," anadziuza a Shedliya, "m'kati muli nyerere." Chifundo chochita kutumidwa sankachifuna. Bola kufa ndi chete wawo.

Tsiku lina anaganiza zowagwira. Anati mutu wawagunda, a Beya asabwere. Azana ya madzulo itamveka, anafunda nsalu yawo n'kutuluka, koyamba chiikireni maliro. Ananyang'ama mphepete mwa khoma ngati mphaka wakuba nsomba, mpaka pazenera la mnzawo.

A Beya anali chiimire pamkeka. Patsogolo pawo anali atandandalika njere za tende, zipatso za kanjedza, kuti akamaliza rakaa azisuntha imodzi. Koma njere ina inali m'manja. Anaiyang'ana, nayang'ana zapansizo. Sankadziwa ngati inali yochotsa kapena yobwezera. Anayambiranso. Atafika pakati anaimanso. Kenako anakhala pansi n'kuphimba kumaso, mapewa akugwedera.

A Shedliya analowa opanda odi.

"Zinayamba liti?"

A Beya anapukuta misozi msangamsanga. "Mutu uja wapola liti, mfiti inu?"

"Ndafunsa ndine."

"Nyengo yokolola tende. Dzana ndinapeza nsapato yanga mumphika wa kusikusi. Mwana wanga akamva, anditengera kutauni, nyumba ya m'mwamba ija yoti ngakhale mbuzi suiona. Ndikafera pazenera."

"Ine ndimayesa mukundinamiza."

"Ndikanakhala ndi nzeru zonamizira, bwenzi ndikukangana ndi njere?"

A Shedliya anaseka. Kuseka kwake kunatuluka ngati chitseko cha dzimbiri, mpaka eni ake anadzidzimuka. Anawerama, maondo akudandaula, natola njere zija.

"Sunthani uko. Mutu wanu ndi sefa, wanga ndi mtsuko wongokhala. Mawa musagogode, mumandiswera chitseko. Ndizibwera ndine. Koma tiyi wanu wa timbewu tonunkhira uja muziwonjezera shuga, ndimangomwa mwaulemu."

"Nanga mwana wanga?"

"Mwana wanu ndimuuza chiyani? Kuti nkhalamba ziwiri zikuswali?"

Anaima phewa ndi phewa. Njerezo a Shedliya sanataye. Anazimanga pakona ya nsalu yawo, poti chaona mnzako chapita.