Botolo la Madzi a ku Angoche

"Unapita kukakhwima iwe! Usatipusitse ndi nkhani zokaona nyanja!"

A Jailosi, malume ake a Bryson, ankalankhula akumuloza Dainess ndi foni. Pafonipo panali chithunzi cha Dainess yemweyo, nkhope yonse ili mbuu ngati wagwera m'thumba la ufa, akuseka mano onse pamtunda.

Anali pakhonde la mayi ake a Dainess, kuseri kwa msika wa Chitakale. Akuchimuna anabwera kudzamaliza za chinkhoswe cha Loweruka, koma a Jailosi anangofikira kunena kuti chinkhoswecho chiyambe chaima. Bryson anakhala pampando wakumapeto, dzanja lili m'bandeji, maso ali pansi. Mayi a Bryson anali pamphasa, atawongola miyendo yawo yotupa, atafunda chitenje cha kumpingo.

"Umenewo ndi musiro," anatero Dainess. "Ndi mtengo chabe. Amayi a kunyanja amaupera pamwala n'kudzola kuti khungu lisalale."

"Mwamva? Akuti zodzola! Chithunzi ichi wachiika m'mawa, madzulo ake mwana wathu wagwa panjinga yamoto pa Chonde, pamsewu popanda ngakhale mbuzi. Ndipo mwamuna wamutu wake angalole chibwenzi chipite chokhachokha ku Mozambique, chikwama kumsana ngati mzungu? Unamudyetsa kale ameneyu. Uko unapita kukawonjezera."

Ulendowo Dainess anayamba kuulakalaka kalekale, akukaoda zitenje ku Milange, pomamva makondakitala akukuwa mayina a matauni amene sanawaonepo. Chipwitikizi anatolera momwemo, cha pamsika. Ankafuna aone nyanja yamchere ndi maso ake asanalowe m'banja, ndipo Bryson anavomera, mpaka kumuperekeza panjinga kukafika pa Muloza.

Kuchoka apo anali yekha. Anakwera ma chapa, timinibasi ta kumeneko tosanyamuka mpaka wina atakhala pamwendo pa mnzake. Anadutsa Mocuba, anagona ku Quelimane, kenaka analowera ku Pebane, kumene galimoto inatitimira mumchenga, onse n'kutsika kukakankha. Ankagona m'tizipinda tonunkha nsomba zouma, atatchinjiriza chitseko ndi bedi. Kondakitala wina anayesa kumugwira ntchafu. Analandira chigongono cha pamphuno, basi yonse n'kufa nazo kuseka.

Ku Angoche ndi kumene mtima unakhala pansi. Funde litamunyowetsera chikwama, anatukwana m'Chilomwe, ndipo amayi ogulitsa nkhanu anamuyankha m'chinenero chapafupi nacho. "Ndiwe wathu iwe, wangosochera kuphiri," anatero, namukhazika pamchenga n'kuyamba kumupaka. Tsiku limene anasangalala kwambiri pa moyo wake ndi limene linali m'manja mwa a Jailosi tsopano.

"Ngati ulibe kanthu, bweretsa chikwamacho tichione," anatero a Jailosi.

"Katenge, mwanangu," anatero mayi ake a Dainess. "Pakhomo pano tilibe chobisa."

Dainess anazengereza pang'ono, ndipo a Jailosi anaona. Analowa m'nyumba, natuluka nacho, n'kuchikhuthula pasimenti. Munatuluka zitenje ziwiri, zigoba za nkhono, ndi kachidutswa ka mtengo woyera uja. Pomalizira panagubuduka botolo la pulasitiki, lokulungidwa m'jumbo yakuda n'kumangidwa ndi mphira.

A Jailosi analitola ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Anamasula. Munali madzi otuwa, mchenga utadikha pansi. Anatsegula, ananunkhiza, anadonthetsera pachala n'kulawa, kenaka analavula kutali.

"Amchere! Aja amasamba anthu pamphambano, osavala! Alamu, mwaona zimene mwalera?"

Kumpanda kunali kutayamba kudzaza. Amayi ochokera kothyola tiyi anaima ndi madengu awo kumsana, ena atasuzumira pamwamba pa anzawo. Dainess anamva wina akunong'ona mawu oti mfiti. Ankadziwa kuti likamalowa dzuwa mawuwo akhala atafika pa siteji ya minibasi, ndipo sadzachokanso pa dzina lake ngakhale pa la mayi ake.

Koma madziwo sanali ake. Ali ku Angoche, Bryson anamuimbira foni akulankhula motsitsa. Mayi a Bryson anali atapita mwakabisira kwa mneneri wina, amene anawauza kuti miyendo idzaphwa akadzaisambitsa ndi madzi a m'nyanja yamchere. Iwo ndi mkulu wa amayi kumpingo kwawo, mpingo woletsa zoyenda kwa aneneri. "Uwatungire, chonde," anatero Bryson. "Koma usauze munthu, ngakhale mayi ako. Kumpingo akamva awadula." Dainess analifungatira botololo pamiyendo ulendo wonse wobwerera, kuopa kuti lingaphulike pansi pa matumba a kokonati.

Anayang'ana pamphasa. Mayi a Bryson ankasolola ulusi m'mphepete mwa chitenje chawo, thukuta lili kamukamu pamphumi. Anadzutsa maso kamodzi, maso opempha, n'kuwabwezanso pansi. Mawu anafika pakamwa pa Dainess, iye anawabweza. Mayiwa sanamulakwirepo. Munthu wowawidwa miyendo amagwira paliponse.

Amene ankamuwawitsa mtima ndi uyo wa pampandoyo. Sankafunika n'kutchula mayi ake komwe. Akanangoti "ndinamutuma ndine," nkhani ikanathera pomwepo.

"A Bryson," anatero Dainess mofatsa, monga mmene ayenera kuitanira mwamuna pamaso pa akuluakulu. "Simunenapo kanthu?"

Bryson anakonza bandeji yake. "Amalume akulankhula. Tiyeni tiwamvere kaye."

"Waona?" A Jailosi anaseka. "Mwana ankalankhula ngati wailesi uyu, lero wasanduka nkhuku yonyowa. Ntchito za botolo! Tamvera, mtsikana iwe. Utiuze amene anakupatsa madziwa ndi amene umafuna kukawasambitsa. Apo ayi, ife tikunyamuka, ndipo Loweruka musatidikire."

"Dainess, gwada upepese," ananong'ona mayi ake, akumukoka siketi. "Ukwati samaukanira pakhonde."

"Ndipepese chiyani, amayi?"

M'malo mogwada, anaimirira. Kumpanda kunamveka "Hii!" Analanda botolo m'manja mwa a Jailosi, madzi ena n'kutayikira pa nsapato zawo, nadutsa pakati pa akuluakulu osawerama n'komwe. Anakaliika pamiyendo pa Bryson.

"Inu amalume mumapita ku Milange sabata iliyonse, palibe anakufunsani kuti mumakatani. Ine ndapita kamodzi, ndasanduka mfiti. Chabwino. Koma iwe," anatembenukira Bryson, ulemu uja atautaya, "iwe ukudziwa. Ndayenda ndekha dziko la eni, palibe anandiimira kumbuyo, ndipo sindinadandaule. Pano ndili pakhomo pa mayi anga, iwe uli apa, ndikhalenso ndekha?"

"Dainess, tikambirana patokha..."

"Patokha ayi! Anditukwanira pagulu, undiyeretsere pagulu. Ngati ukufuna ndidzakhale mkazi wako Loweruka, dzutsa mutu, uwayang'ane amalume ako ndi anthu ali kumpandawo. Ndani anandituma madzi amenewa? Yankha, Bryson!"