Tsiku Limene Tinapala Chikasu

Tinali mkati mopala penti pamphuno pa galimoto pamene bambo analowa m'galaja, ndodo patsogolo. Amakaniko onse anaimitsa manja. Fumbi lachikasu linali mbwee pansi, ndipo bambo analiponda osadziwa.

"Muno mukununkha penti," anatero. "Mwaigunditsanso?"

Gualtiero, injiniya wathu wamkulu, munthu wosatseka pakamwa, tsiku limenelo anapeza chochita m'thumba la malaya ake. Ndinadziwa kuti nkhani yanditsalira ine, Loredana, mwana wa mwini timu, woyendetsa za malonda.

Chaka chimenecho galimoto yathu inkalemera kuposa za anzathu, ndipo pa mpikisano wa liwiro ngakhale penti ndi katundu. Matimu ena anali atapala kale zawo, n'kusiya thupi lakuda bii. Nayonso kampani ya ndalama za pafoni imene inavomera kutithandiza inkafuna dzina lake liwale pachakuda. Popanda iyo tikanatseka galaja chaka chisanathe. Koma chikasucho chinali cha bambo. Anachisakaniza okha ali mnyamata, akuyerekeza ndi mtanda wa mazira umene malemu mayi ankakanda popanga chakudya chotchedwa pasita. Maso awo atayamba kuchita mdima, chinatsala chokhacho chimene ankachizindikira galimoto zikamadutsa.

Ndinawafotokozera zonsezi nditaimirira pafumbipo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenuka n'kutuluka, nsapato zikusiya mapazi achikasu mpaka pakhomo.

Lamulungu ndinapita kukadya kwawo monga mwa masiku onse. Vinyo sanamukhudze, ndipo kwa bambo chimenecho chinali chizindikiro cha nkhondo.

"Wagulitsa mapiko a galimoto kwa otsatsa malonda, wagulitsa chisoti cha dalaivala, wagulitsa ngakhale kolala ya malaya ake. Chatsala n'chiyani, mwana iwe? Ineyo?"

"Inu palibe angakuguleni, bambo. Mumalongolola kwambiri."

Anafuna kuseka koma anadzigwira. Ine mtima unali utakwera kale. Ndinawakumbutsa kuti iwonso kale anamatapo dzina la kampani ya ndudu pagalimoto, osachita manyazi. Anayankha kuti analimata pamwamba pa chikasu, sanachotse chikasu kuti dzinalo lipeze pokhala. Ndinati mabanja ambiri amadyera m'galaja muja, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno.

"Mphuno yake iti?" anafunsa. "Imene wagulitsa ija?"

Ndinachoka ndisanamwe khofi. Ndinkadziwa kuti sindinalakwe, koma zinandiwawa njira yonse.

Pa mpikisano wa ku Imola ndinawasungira mpando m'chipinda cha magalasi, kumene alendo a makampani amamwera vinyo wathovu atafulatira msewu. Anakana. Anati akakhala paphiri, pamabenchi a anthu wamba. Ndinasiya alendo anga m'manja mwa ena n'kuwatsatira, nsapato zazitali zidendene zikumira m'udzu.

Galimoto zinatulukira pakona zili mndandanda, zakuda zokhazokha, zosiyana timizere ndi mayina. Kale bambo akanaidziwa yathu pongomva kulira kwake, koma masiku ano injini timagula kwa ena, ndipo imalira chimodzimodzi ndi za matimu angapo. Anatukula khosi, kutembenuzira mutu uku ndi uku. Zitadutsa kachiwiri anafunsa motsitsa mawu, ngati mlendo wofunsa njira.

"Yathu ndi iti?"

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanamvepo bambo akufunsa munthu za galimoto yawo. Ndinayesa kuwalozera, koma chala chisanafike inali itapita. Pamenepo anatambasula dzanja pabondo.

"Ikamadutsa uzindifinya."

Ndinatero. Ikatulukira, ndinkafinya, iwo n'kugwedeza mutu ngati akulonjera mnzawo. Dzanja lawo linali louma, la zipsera za masipanala. Ndipo galimotoyo, yopepuka tsopano, inkathamanga mmene sinathamangirepo. Inapitirira imodzi, kenako ina. Ndinkawauza kukhutu malo amene tafika, iwo n'kumang'ung'udza kuti dalaivala akuchedwa kuponda moto potuluka pakona, ngakhale sankamuona.

Pozungulira komaliza tinali pambuyo penipeni pa galimoto imene inali pa nambala yachitatu, malo omaliza olandirapo chikho. Patsogolo pathu pomwepo dalaivala wathu anailowera mkati, matayala akufuka utsi, n'kutulukira kutsogolo. Phiri lonse linadzambatuka. Nanenso ndinalumpha, manja m'mwamba, kukuwa mpaka mawu kusasa. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba, akampani aja akundifuna kuchipinda cha magalasi kuja kuti tikajambulitse. Ndinakumbatirana ndi mayi wina wosamudziwa, tonse misozi ili chuchuchu.

Nditacheuka, anthu onse anali chiimire kupatula mmodzi. Bambo anali chikhalire pabenchi, nkhope kumsewu wopanda kanthu, dzanja lili chitambasulire pabondo.