Giya ya Agogo

Amake Mapasa anapeza beseni lake lotsukira mbale lili pakhonde, lodzaza palafini, timagudumu ta mano tili mbwee m'katimo. Pambali pake njinga inali chagada, matayala m'mwamba ngati mphemvu yakufa. Amuna ake anali atakhalira ndowa, akutsuka tcheni ndi mswachi wakutha.

"Ndiye mbale nditsukire m'chipewa?"

"Ndibweza, amayi. Ndilitsuka ndi sopo."

Njingayo Amake Mapasa ankaidziwa bwino. Inali ya malemu, mkazi woyamba wa bambowo, yothamangira mipikisano, yowonda ngati mwini wake pachithunzi chija cha m'kabati. Kwa zaka khumi ndi chimodzi inkalendewera pamsomali m'chipinda cha katundu. Mwezi uliwonse bambowo ankaitsitsa, kuipukuta, kuithira mafuta, n'kuipachikanso. Chitseko cha kukhitchini chinalira chaka chathunthu osalawa ngakhale dontho. Madzi saiwala khwawa, ankatero mumtima Amake Mapasa, n'kumasesa pansi pa njingayo osaikhudza.

"Lero mwaiphwasula. Yakulakwirani chiyani?"

"Ndikuchotsa magiya, itsale ndi imodzi basi. Paja munati magiya amakusokonezani."

Ananenadi zimenezo chaka chatha, tsiku limene anabwera kuntchito yake yochapa zovala za kuchipatala mawondo atatupa ndi chitunda cha panjira. Sanaganize kuti panali wina amene anamva.

"Ndiye mwati ndizikwera ya malemu."

"Ndati muzikwera njinga."

"Ndinalowa m'nyumba mwake. Ndimaphikira m'mapoto ake. Tsopano ndikhalenso pachishalo chake?"

Bambowo anatola zingwe za magiya ndi kachitsulo kosinthira tcheni, n'kuzikulunga m'kansalu, n'kuziika m'chitini pang'onopang'ono ngati mazira. Amake Mapasa anayang'ana manja amenewo. Mapasa ali akhanda sanagwiridwepo choncho. Ankangonyamulidwa m'khwapa ngati mitolo ya nkhuni.

Kenako bambowo anayala timagudumu tija panyuzipepala, kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu.

"Apa pafunika kusankha kamodzi," anatero. "Tcheni ndichidula molingana ndi kamene mwasankha. Ndikadula ndadula, magiya enawa sabwereranso."

Amake Mapasa anafuna kulowa m'nyumba, mpunga unali usanasankhidwe. Koma pakamwa panamutsogolera.

"Iye ankakonda kati?"

Bambowo sanafufuze n'komwe. Dzanja linapita lokha pa kakang'ono, kachiwiri kuchokera kumapeto. Zimenezo n'zimene zinamubaya.

"Ikani komweko. Nanenso miyendo ndili nayo."

Bambowo anapukusa mutu n'kumupatsira kagudumuko m'manja. Mano ake anali osongoka ngati minga, ena opindika.

"Kadyeka aka. Tcheni chizilumpha, mudzagwa pachitunda paja anthu akuona."

Amake Mapasa anakabweza panyuzipepala mwamsanga ngati kakutentha. Munthu anapita kalekale, koma miyendo yake inali idakalipo, italembedwa pachitsulo. Iye, amene wachapa malaya a bambowa zaka zonsezi, wadyetsa mano a chiyani m'nyumba muno? Anatola kakakulu ka kumapeto. Mano ake anali athunthu, onyezimira ngati kagulidwa dzulo.

"Nanga aka?"

"Ako sanakagwiritsepo ntchito. Ankati imeneyo ndi giya ya agogo." Bambowo anamwetulira, maso ali kutali. "Chitunda ankakwera chiimirire."

"Analibe mapasa."

Mawuwo anatuluka akuthwa kuposa mmene anafunira. Kumwetulira kuja kunazima. Kumsewu kunadutsa galimoto, fumbi n'kukhazikika.

"Analibedi," anatero bambowo.

"Ikani ka agogoko. Ine ndikufuna kukafika kuntchito, osati kukalandira chikho."

Bambowo anakalowetsa pagudumu lakumbuyo n'kukamanga. Anayang'ana ndi diso limodzi kuti tcheni chiyende mowongoka, n'kuchikoka mpaka chitakungika, n'kuika chala pamene pafunika kudula. Analumitsa kachida kokankhira kamsomali ka tcheni. Apo dzanja linaima. Amake Mapasa anawerenga mumtima mpaka khumi. Silinasunthe.

"Bweretsani kuno. Tikhala pano mpaka mapasa akwatire."

Anapotoza kachidako monga amafinyira mabulangete a kuchipatala. Kamsomali kanagwera pasimenti, kuti ngwee. Chidutswa chotsala bambowo anachitola, n'kuchipukuta, n'kuchiikanso m'chitini muja. Amake Mapasa anaziona.

Ataiimiritsa njingayo, chishalo chinamufika m'nthiti. Pachitsulo chake panali mzere wofiira wa utoto wa zikhadabo, pomwe malemu analemba msinkhu wake. Sanapemphe chilolezo. Anatenga sipanala, n'kumasula, n'kukanikiza chishalo ndi chigongono. Mzere wofiira unatsetserekera m'paipi mpaka kusowa. Ankadziwa kuti sunafufutike, uli momwemo. Koma tsopano unali pansi pake.

Anakwinya siketi n'kukwera. Mapedulo anali ofewa, opanda chosankha, opanda chosokoneza. Pachipata anatsitsa phazi n'kucheuka. Amuna ake anali chiimire pakhonde, chitini chili m'manja.

"Bambo a mapasa, ndikamabwera ndipeze beseni langa loyera. Mafuta akatsala, chitseko cha kukhitchini chija nachonso n'cha m'nyumba muno."

Anapalasa kulowera kuchitunda, atakhala pachishalo.