Ndege Imene Anaisambitsa

Nkhaniyi anandiuza ndi Raelene Strang, mayi wamfupi wa mawu aakulu amene ankagulitsa tiyi ndi masikono pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Narrabri. Chinali chaka chimene mwendo wanga unatupa n'kundikhazika masabata atatu m'tauni imene ndinkafuna kungodutsa. Ine ndikakhala malo amodzi kupitirira masiku anayi ndimayamba kufunsa anthu za abale awo, ndiye Raelene anandiuza za apongozi ake aakazi, mayi Valmai a ku Wee Waa, katauni kena kapafupi.

Mayi Valmai anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Ankapuma kudzera m'kapaipi ka m'mphuno kochokera ku makina amene ankang'ung'udza pakona ya khitchini usana wonse. Kuchoka pampando kukafika pakhomo, kwa iwo unali ulendo wofuna kupumira panjira.

Ali mtsikana anakwatiwa ndi Col Strang, mwini ndege yakale ya mapiko awiri, lina pamwamba lina pansi. Ndegeyo inali ya asilikali, yophunzitsira anyamata kuuluka, ndipo nkhondo itatha inagulitsidwa motchipa. Inali ndi mipando iwiri. Valmai anakhalapo pampando wakutsogolo kawiri kokha, pa nthawi ya chibwenzi. Ukwati utangochitika, Col anazula mpandowo n'kuikapo thanki ya mankhwala, anamanga mapaipi kunsi kwa mapiko, n'kuyamba kupopera minda ya eni ake, poyamba ya tirigu, kenako ya thonje. Valmai anapatsidwa mbendera.

Ntchito ya wambendera sivuta kufotokoza. Umaima kumapeto kwa munda n'kukweza mbendera kuti wa m'ndege alunjike pa iwe. Ndege ikubwera, matayala akukhudza masamba a thonje, iwe uli chiimire. Ukachoka msanga, mzere ukhota, mwini munda akalipa. Ukachedwa, phiko likumeta. Ikati yafika, umayenda mapazi khumi ndi anayi cham'mbali n'kuimanso, mankhwala akukugwera ngati mvula yowaza. Ntchito ikatha, Col ankapatsa mkazi wake botolo la mkaka. Onse a ntchito imeneyi ankatero, akuti mkaka umatsuka poizoni m'thupi. Valmai anamwa mkaka zaka khumi ndi zitatu, koma mapapo sanamve zoti atsukidwa.

Col anagulitsa ndegeyo kalekale, ndipo anadzamwalira pabedi pake, chifuwa chake chili bwinobwino, poti iye ankakhala kutsogolo kwa mankhwala. Anasiya mwana mmodzi, Darryl, mwamuna wa Raelene, wogulitsa zipangizo za mathirakitala. Darryl ankati chifuwa cha mayi ake ndi ukalamba basi. Nkhani ya mbendera ikayamba, ankaseka.

"Kodi si mumangoimirira ndi kansalu, amayi? Woyendetsa ndege anali bambo."

Mawu amenewa ankawapyoza mayi Valmai kuposa chifuwacho. Choncho mlimi wina wachikulire atawauza kutchalitchi kuti waona nambala ya ndege ya Col m'kabuku, kuti ikusungidwa ku myuziyamu ina, nyumba yoonetseramo ndege zakale, kunja kwa Sydney, iwo sanaganizepo kawiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: Darryl akaime kutsogolo kwa ndegeyo, aone thanki, aone mapaipi, ayeze yekha ndi mutu wake kuti phiko linkadutsa pati. Mawu awo mwanayo anali atasiya kuwamva. Mwina chitsulo akanachimva.

Dokotala analola, koma mouma. Maola asanu ndi awiri pagalimoto, tsiku lathunthu lopumula, kenako kutuluka kamodzi kokha ndi botolo laling'ono la mpweya, osapitirira maola atatu, basi kubwerera kwawo.

Lolemba m'mawa Darryl anayala mapepala patebulo la m'khitchini, anakankhira mbale ya masikono kumbali. Anali atafufuza zonse, misewu, malo oimika galimoto, ngakhale zimbudzi.

"Ma myuziyamu alipo atatu," iye anatero. "Iyi ya ndege za m'madzi tiisiye. Iyi ili pakati pa mzinda, pafupi ndi pogona pathu. Muli zovala za anthu opita kumwezi, muli injini ya roketi yaikulu ngati nkhokwe ya tirigu. Mulinso mwala wa kumwezi, amayi. Weniweni."

"Nanga ya bambo ako?"

"Ija ili kutali. Ola lathunthu kupita, ola lathunthu kubwera. Mwa maola atatu a adokotala aja litsala limodzi."

"Limodzi likwana. Ndege ndi imodzi."

"Tiyende ulendo wonsewo kukaona chibade chimodzi cha ndege?"

"Chibade chimenecho ndi chimene chinakugulira nsapato zakusukulu."

Raelene anali akuthira tiyi. "Muwasiye amuna angawa, amayi. Anaonera anthu akuponda mwezi pa kanema ya kusukulu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka lero sanatsikebe."

"Iwe usalowerere," anatero Darryl.

"Ndilowerera. Woyendetsa galimoto theka la msewu ndine. Komanso mimba imeneyo roketi yake ndi iti ingainyamule?"

Mayi Valmai anafuna kuseka, koma kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo onse anadikira mpaka chitatha. Atapeza mpweya anagogoda pepala lachitatu ndi chala.

"Mwezi ndimauona ndili pakhonde. Lemba iyi."

Darryl anapumira m'mwamba, anatenga cholembera n'kuzunguliza dzina la myuziyamu ya kutali ija, mokanikiza mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Kenako anavala chipewa n'kupita kuntchito, tiyi osamaliza.

Raelene ndi amene anati aimbe foni kuti afunse ngati kumeneko kuli chikuku choyendetsera odwala. Poti makutu a mayi Valmai anali atayamba kugontha, anakweza mawu a foni n'kuiika patebulo pakati pa awiriwo. Anayankha bambo wina wachikulire wa mawu osangalala, mmodzi mwa anthu ongodzipereka amene amakonza ndege zakale pa masiku awo opuma. Anati dzina lake ndi Lindsay. Zikuku zilipo ziwiri, anatero, ndipo khomo ndi lotakata.

Mayi Valmai anawerama n'kutchula nambala ya ndege, chilembo ndi chilembo, monga mmene Col ankatchulira.

"Aa, mayi, mwafunsa mwana wanga weniweni!" anatero Lindsay. "Zaka zisanu ndi chimodzi takhala tikuikonza. Mukanaiona mmene inabwerera, mukanalira."

"Inabwera bwanji?"

"Yoonongeka. Alimi anaisandutsa ngolo ya manyowa. Wina wopanda chisoni anazula mpando wakutsogolo n'kukhomamo chithanki, pansi ponse dzimbiri la mankhwala lokhalokha. Fungo lake, mayi! Tinkaigwira titavala magolovesi ndi zotchinga kumaso. Anyamata a boma anachita kubwera ndi galimoto yapadera kudzatenga thankiyo, akuti siyoyenera kutayidwa pamodzi ndi zinyalala wamba."

Raelene anatambasula dzanja kuti adule foni. Mayi Valmai analigwira dzanjalo n'kulikhazika patebulo.

"Nanga mapaipi a kunsi kwa mapiko?"

"Tinachotsa zonse. Taibwezera mmene inalili poyamba. Penti yachikasu ya asilikali, zizindikiro zawo zozungulira zija m'mbali, nambala yake ya kunkhondo. Mpando wakutsogolo tinachita kuitanitsa wina kunja. Ndege zonse za mtundu umenewu timazibwezera choncho, anthu amafuna kuona zimenezo. Mukaiona mudzati sinagwirepo ntchito yonyansa chibadwire."

"Pachikwangwani mwalembapo chiyani?"

"Zonse. Fakitale imene inapanga, gulu la asilikali limene linkaigwiritsa ntchito, anyamata angati anaphunzira kuuluka nayo. Dikirani, ndikuwerengereni mzere womaliza. Akuti, nkhondo itatha inadutsa m'manja mwa anthu wamba osiyanasiyana. Kodi bambo akunyumba anaphunzirira imeneyi? Anali a gulu liti?"

Makina a mpweya ankang'ung'udza pakona. Mayi Valmai anayang'ana manja awo, mabala akale a pakhungu amene sankapola msanga chilimwe chilichonse. Ndegeyo inatumikira asilikali zaka zinayi. Inadutsa pamutu pawo zaka khumi ndi zitatu.

"Anali wa gulu la opanda chisoni lija," iwo anatero. "Zikomo bambo, mwatithandiza."

Foni itaduka, Raelene anatukwana mawu amene sindingawalembe pano.

"Ndiwaimbiranso, amayi. Ndimuuze galu ameneyu kuti amalankhula ndi ndani."

"Umuuze kuti atani? Akaitole thanki kudzala?"

"Ndiye tipite basi. Mukaime pamenepo, muwauze nokha. Darryl amve."

"Amve chiyani, mwana wanga? Akaona ndege yosamba, yachikasu ngati dzira, ya mipando iwiri. Ine ndidzati apa panali thanki, iye adzayang'ana mpando. Ndidzati apa panali mapaipi, iye adzayang'ana penti. Adzangoti amayi akalamba." Anapumira kaye. "Magolovesi. Wamva? Anaigwira ndi magolovesi. Ine ndinkapita nditavala diresi ya maluwa ndi chipewa cha udzu."

"Zimenezo ndi zimene Darryl ayenera kumva."

"Usamuuze. Ndapempha kamodzi, sindipemphanso."

Anakoka pepala lija, anatenga cholembera chimene Darryl anasiya, n'kudula mzere umodzi pa dzina lozungulizidwa lija. Mzere unakhota, koma sanaubwereze.

Darryl anabwera masana kudzadya. Anatsegula firiji, anatulutsa nyama ya nkhosa yotsala dzulo, ndipo akudula buledi maso ake anagwera papepala.

"Mwasintha maganizo?"

"Ndasintha. Tikaone mwala wako."

Mayi Valmai anamuyang'anitsitsa. Mumtima ankawerenga ngati mmene ankawerengera mapazi m'munda, kudikira kuti mwanayo afunse kuti chifukwa chiyani. Akanangofunsa, akanamuuza zonse, za thanki, za galimoto ya boma, za magolovesi. Raelene anaima kusinki, msana uli kwa iwo, mbale ili m'manja osaitsuka.

"Mwaganiza bwino, amayi," anatero Darryl, nkhope itawala. "Msewu uja ukanakutopetsani pachabe. Ndipo kujaku kuli malo odyera abwino, pansi pomwepo. Raelene, tomato sosi ali kuti?"

"Pamene unamusiya," anatero Raelene.

Anapitadi, mwezi wotsatira. Raelene akuti kuchokera ku tauni ya Gunnedah mpaka kumapiri apongozi ake ankangoyang'ana minda. Tsiku lotuluka lija Darryl ndi amene ankakankha chikuku, botolo la mpweya lili pamiyendo pa mayi ake. Anawaonetsa injini ya roketi, anawawerengera chikwangwani chilichonse mokweza, anawajambula pambali pa chovala choyera cha opita kumwezi. Pamapeto anafika pa mwala uja. Unali m'galasi, m'galasimo muli galasi lina, nyali yakeyake ikuwalira pamwamba. Kukula kwake ngati ndowe ya nkhosa.

"Taonani, amayi. Anthu anapita mpaka uko kukautenga. Akuti sunakhudzidwepo ndi dzanja la munthu."

Mayi Valmai anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ausamala," iwo anatero.

Mtsikana wovala yunifolomu anadzawapempha mwaulemu kuti asendeze chikuku, poti ana asukulu anali pamzere. Darryl anasendeza, n'kupita kukagula kapu yojambulidwa roketi kuti akamweremo tiyi kuntchito. Singano yosonyeza mpweya wotsala m'botolo inali isanafike n'pakati pomwe pamene mayi Valmai anati akufuna kukagona.

Anamwalira chaka chomwecho, thonje lisanakololedwe. Pamaliro Darryl anauza anthu kuti chimene chikumutonthoza n'chakuti anakwanitsa kuwatengera mayi ake ku Sydney asanapite. Raelene anasunga pakamwa pake monga anapemphedwa, ndipo akuti mpaka tsiku limene ankandiuza nkhaniyi mwamuna wake sankadziwa chimene chinachitikira ndege ija.

Apa ndi pamene ine ndikukayika. Zina zonse ndikuzivomera, ngakhale kuti Raelene ndi munthu wothira mchere wambiri pofotokoza nkhani. Koma munthu amene anafufuza mpaka zimbudzi za ma myuziyamu atatu sangalephere kuona chithunzi cha ndege ya bambo ake. Ine ndikuganiza kuti Darryl anaiona ili yachikasu foni ija isanaimbidwe n'komwe, ndipo n'chifukwa chake sanafunse. Ndinamuuza Raelene zimenezi. Anandiyang'ana, n'kunditengera kapu tiyi ndisanamalize.