Vidiyo ya Chinkhoswe cha Angella

Kiyibodi ya ku situdiyo ya a Gilford ku Kawale inali yonata ndi mafuta a tchipisi, moti ndinayamba ndaipukuta ndisanaigwire. Ine ndimalemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo anandiitana chifukwa vidiyo ya chinkhoswe cha kasitomala wawo, Angella, inali itasowa. Angellayo anali pabenchi, mpango wakuda kumutu. Bambo ake anamwalira chinkhoswecho chitangodutsa, ndipo m'vidiyomo ndi mokhamo mmene munatsala mawu awo.

Ndinatsegula sikiripiti, kapulogalamu kamene a Gilford anawalembera mlamu wawo Herbert. Ntchito yake inali yaing'ono: kutuma pulogalamu ina kuti ikopere vidiyo kuchoka pa khadi la kamera kupita m'kompyuta, kenako kufufuta khadilo kuti likajambulenso. Koma zimene pulogalamu yotumidwayo inkayankha, Herbert anazilozetsa kudzala kuti zisamaoneke. Zitheke zisatheke, sikiripiti inkangolemba ZATHEKA ndi zilembo zobiriwira, n'kufufuta khadi. Munthu wotani amene amatuma mnzake, mnzakeyo akabwera ndi yankho iye n'kutseka makutu?

Ndinasintha pang'ono kuti sikiripiti izigwira mayankho onse, madandaulo omwe, n'kuwaonetsa. Nditayesa ndi khadi lina, sikirini inafiira psuu: disiki yadzaza, palibe chimene chakopedwa.

“A Gilford, izi munaziwonapo?”

“Kale zinkabwera,” anatero akukanda m'mutu. “Ndinamuuza Herbert azichotse. Sikiriniyi imayang'ana makasitomala, sisi. Akaona zofiira amathawira ku situdiyo ya Shafiq.”

“Nanga khadi la chinkhoswe lija?”

“Aaa, linajambula kale ukwati ku Biwi, kenako giraduweshoni.”

Basi, vidiyo ija inapita. A Gilford anandikokera pakona, m'kamwa mukununkha anyezi, n'kuyamba kunong'ona.

“Muwauze kuti ndi vairasi. Zofiirazo muzibisenso, ine ndikuonani bwino.”

Ndinachotsa dzanja lawo pamkono panga. Bambo wamkulu, wa imvi zake, mayi wolira ali pomwepo, iye maganizo ali pophimba anthu m'maso. Zinandinyansa.

Koma a Gilford anaiwala chimene anachikonza okha. Sikirini ija inkayang'ana kubenchi. Pamene tinkatembenuka n'kuti Angella ataimirira, akuwerenga zilembo zofiira zija pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

“Achemwali,” anafunsa ine, osati iwo, “kapena tsiku limene anabwera ndi khadi zinalinso chonchi?”

“Zinali chonchi. Kungoti anazibisa.”

Anagwedeza mutu, n'kukonza mpango wake. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

“Ndinali pabenchi pomwepa, ndinaona zobiriwira ndi maso angawa,” anatero. “Tsiku limenelo bambo anali adakali moyo, akuyankhula bwinobwino. Mukanandiuza, ndikanapita kukawajambula ndi foni.”