A Telala ndi Chipata cha Khonsolo

Chimene chinkawapweteka kwambiri Mayi Sizasi n'chakuti nawonso anakweza dzanja. Tsiku limene a khonsolo anaitana eni masitolo kudzawafunsa ngati akuvomera kuti magalimoto a anthu wamba asamalowenso mumsewu wawo, iwo ndi amene anayamba kuimirira. Anatokota mpaka thovu kukamwa. Utsi unkadetsa nsalu zapazenera, mahutala ankagonthetsa m'makutu, ndipo tsiku lililonse pankapezeka munthu woimika chigalimoto chake pakhomo penipeni pa shopu yawo ngati kuti ndi pakhomo pa amake. Anthu anawomba m'manja. Dzina la Sizasi sanalipeze chifukwa chodula nsalu kokha ayi, pakamwa pawo pankadula kuposa chitsulocho. Koma m'kutokota konseko sanaganizeko n'kamodzi komwe kuti kagalimoto kawo kotuwa kaja nakonso n'ka munthu wamba. Walira mvula walira matope.

Kagalimotoko sikanali kodzionetsera. Amuna awo, a Telala, amene anaveka masuti theka la mzindawo, anagwidwa ndi sitiroko ndipo mbali yakumanzere inafa. Mwendo unkakwekwereka, dzanja linkalendewera, pakamwa panapotoka pang'ono. Mutu ndi dzanja lamanja zinatsala zabwinobwino, choncho atangoyamba kupezako bwino ananena kuti kunyumba sakhala. Mwana wawo wamkazi atawabweretsera njinga ya olumala, yonyezimira ndithu, iwo anangoiyang'ana kamodzi n'kulamula kuti akaiike kuchipinda chosungira zinthu zakutha.

"Ndisanafe, mumsewu umene uja sindidzadutsamo ndikukankhidwa," anatero.

Ndiye banjali linapeza njira yakeyake. M'mawa uliwonse Mayi Sizasi ankaimika galimoto mofinyikiza pakhomo pa shopu, tayala litakwera pakhonde, n'kutsekula chitseko cha mbali ya amuna awo mpaka kumapeto kuti chitchinge. Kuseri kwa chitsekocho a Telala ankagwira denga la galimoto, kenako phewa la akazi awo, kenako felemu ya khomo, kenako tebulo lodulirapo nsalu, basi afika pampando wawo. Wodutsa mumsewu ankangoona mutu wa imvi ndi jekete losita bwino zikulowa m'shopu. Akakhala kuseri kwa tebulo, dzanja lakufa lili m'thumba, choko chili kudzanja lamanja, anali a Telala akale omwe aja. Iwo ankajambula pansalu, mayi n'kumadula. Makasitomala ankati, "Koma ndiye mwachira, bambo!" Iwo ankangomwetulira ndi mbali yabwino ya pakamwa.

Lamulo litayamba kugwira ntchito, kumathero onse awiri a msewu anaikako chipata, chitsulo chachitali chokwera ndi kutsika, ndi kanyumba ka mlonda pambali. Ndipo tinene zoona, msewu unakoma. Anayala njerwa zofiira, anadzala mitengo m'miphika ya simenti, anaika mabenchi. Ana ankathamanga pakati pa msewu amayi awo osakuwa. Nsalu zapazenera zinasiya kuda, ndipo anthu olowa m'masitolo anachuluka. Mayi Sizasi zimenezi ankaziona, n'chifukwa chake zinkawawawa kwambiri. Chinthu choipa umangochitukwana n'kupuma, koma chinthu chabwino chopangidwa ndi anthu osaganiza chimakusowetsa pogwira. Malo oimika magalimoto anawaika kutali, kuseri kwa msika, koti ngakhale munthu wamiyendo iwiri amafika pashopu thukuta lili kamukamu. A Telala anatsala kunyumba.

Poyamba ankavalabe suti n'kukhala pazenera la pabalaza. Kenako anayamba kuvala jekete lokha pamwamba pa zovala zogonera. Kenako anasiya kumeta ndevu. Mayi ankabwera ndi nsalu kunyumba kuti azijambulira patebulo lodyera, koma telala weniweni sajambulira munthu amene sanamuone.

"Mapewa ake ndi otani? Amaima bwanji? Mimba ikugwera kuti?"

"Miyeso yonse ndakuuzani, bambo."

"Tepi siona, mayi. Tengani choko chanu."

Munthu ankasungunuka mayi akuona, ngati sopo woiwalidwa m'beseni. Mayi Sizasi anachita mantha, ndipo iwo mantha akawagwira ankasanduka mkwiyo. Anatseka shopu n'kupita ku khonsolo. Wa pachitseko choyamba anati nkhaniyo ndi ya a zamisewu, a zamisewu anati ndi ya a zaumoyo, a zaumoyo anali kumsonkhano wokambirana za misonkhano ina. Pomaliza anawalowetsa kwa bwana wina wa tayi yaifupi, wovala jekete lokoka kukhwapa, losokedwa ndi munthu amene Mulungu yekha angamukhululukire.

"Mayi, vuto lanu talimva. Komiti ikaliunika," anatero bwanayo.

"Ikaliunika liti? Amuna anga akutha."

"Mumvetse. Tikakulolani inu, mawa aliyense abwera ndi wodwala wake."

"Abwere kumene! Kodi mumayesa odwala sagula nsapato? Msewu munautsekera magalimoto kapena anthu?"

"Njinga ya olumala ndi yololedwa, mayi."

"Saifuna."

"Aa, ndiye vuto si lathu limenelo. N'kunyada kwa bambowo."

Kunyada! Munthu wasoka moyo wake wonse, watsala ndi dzanja limodzi ndi ulemu wake basi, ndiye mwana wa dzulodzuloyu akuti kunyada. Mayi Sizasi anamuuza mawu amene sitingawalembe pano, n'kutuluka chitseko osatseka.

Chikanakhala kuti chipatacho chinkakaniza aliyense, mwina akanaugwira mtima. Malole a katundu ankalowa m'mamawa, izo n'zomveka. Ambulansi inkalowa, ndani angatsutse? Koma m'mawa uliwonse chigalimoto chakuda cha magalasi osaoneka m'kati chinkafika pachipata, chitsulo n'kukwera chokha ngati chagwidwa ndi ulemu, mlonda atamenya saluti. Chinali cha bwana wa banki ina ya pakati pa msewuwo. Ati chimenecho n'cha kampani, si cha munthu wamba. Bwanayo anali ndi miyendo iwiri yathanzi, imene Loweruka ankakaithamangitsa kubwalo la masewero kuti mimba iphwe.

Tsiku lina Mayi Sizasi anadzuka atatsimikiza mtima. Anatenthetsa madzi, anawameta amuna awo, anasita suti yabuluu.

"Lero tikupita kushopu."

"Alola kodi?"

"Alola," anatero mayi. Sikuti ankafuna kunama. Ankakhulupirira pakamwa pawo, popeza panali pasanawagwiritsepo mwala.

A Telala nkhope inawala. Tayi anasankha okha, n'kuumirira kuti aimange okha ndi dzanja limodzi ndi mano. M'njira monse ankalankhula za kasitomala wina wamapewa otsika amene jekete lake linkafunika thonje lowonjezera. Pachipata chitsulo chinali chotsika, ndipo mlonda, bambo wa ndevu zaimvi, anatuluka m'kanyumba kake akupukusa kale mutu.

"Amayi, mukudziwa kale."

"Achimwene, tasuzumirani muone munthu amene ndatengayu. Ndikangowatsitsa ndituluka pompano."

"Ndawaona, amayi, ndipo a Telala ndimawadziwa. Koma ine ndine wantchito chabe. Ndikakweza ichi, mawa pano pakhala wina."

"Ndiye mtima anakulandani tsiku limene anakupatsani yunifolomuyo?"

Mlonda asanayankhe, kumbuyo kunalira hutala. Chinali chigalimoto chakuda chija. Mlondayo anayang'ana pansi.

"Tasunthani pang'ono, amayi, abwana adutse."

Apo m'pamene chingwe chinaduka. Mayi Sizasi anazimitsa injini pomwepo pakamwa pa chipata, n'kuponya makiyi m'chikwama. Anatenga nsalu ya suti ya kasitomala imene inali pampando wakumbuyo, nazungulira kukatsekula chitseko cha amuna awo.

"Mayi, tiyeni tibwerere," a Telala anatero chapansipansi.

Mkwiyo ulibe makutu. Mayi anawafulatira, anagwada, anakokera dzanja labwino lija paphewa pawo, n'kuwabereka. Anamanga nsalu pachifuwa monga ankachitira ana awo ali aang'ono. Poimirira anadzidzimuka ndi kupepuka kwa munthuyo, ndipo kupepukako kunangothira mafuta pamoto. Analambalala chitsulo n'kulowa pakati penipeni pa njerwa zofiira zija.

"Onani!" ankakuwa. "Tulukani muone lamulo lanu! Wa miyendo iwiri alowe pagalimoto, wopuwala alowe pamsana! Onani msewu wanu wokongola!"

Anthu anatulukadi. Ogulitsa m'masitolo anaima m'makomo, okhala m'mabenchi anaimirira, mafoni anakwera m'mwamba ngati manja a ana a sukulu. Dzanja lakufa linatuluka m'thumba n'kumalendewera, likumenya ntchafu ya mayi. Nsapato ya mwendo wokwekwereka inavuka, ndipo wogulitsa mawotchi anaitola n'kumatsatira pambuyo ataigwira ndi manja awiri. Malovu a bambowo ankatsikira pabulauzi ya mayi. Bambo wina amene anavala suti yosoka a Telala omwewo anavula chipewa n'kuyang'ana kumbali.

"Kalanga ine, ndi a Telala awa?" anatero mayi wina mokweza. "Ine ndimayesa anachira!"

A Telala anabisa nkhope pakhosi pa akazi awo. Mayi Sizasi anamva kutentha kwa mpweya wawo, nayesa kuti munthu watopa, ndiye anawonjezera liwiro ndi mawu omwe.

M'shopu anawakhazika pampando wawo, anawaveka nsapato, anawaika choko m'manja. Choko sichinakhudze nsalu tsiku lonse. Pazenera anthu ankasinthana, ena kunamizira kuona nsalu, ena kungosuzumira mopanda manyazi. Olowa ankalankhula ndi mayi okha, mwa mawu apansi a kuchipatala, n'kumafunsa kuti "Akudya koma?" mwini wake ali pomwepo.

Dzuwa lisanapendeke bwana wa tayi yaifupi uja anatulukira ali wefuwefu. Kanema wa mayi wobereka mwamuna wake anali atazungulira mafoni a mzinda wonse, ndipo komiti imene inkasowa tsiku lokumana inakumana mwadzidzidzi, inaunika, inamaliza. Kuyambira tsiku lomwelo galimoto yawo inaloledwa kulowa kudzatsitsa ndi kudzatenga wodwala.

"Ndiye komiti yanuyo maso ake ali pafoni?" anafunsa Mayi Sizasi. "Ndinabwera ndi pakamwa munandiona ngati wamisala. Mumafuna mpaka muone malovu a amuna anga?"

Bwanayo anapepesa kawiri konse, ndipo anthu apazenera anawomba m'manja. Madzulo ake mlonda anakweza chitsulo, galimoto inafika pakhomo, ndipo mayi anayendetsa kubwerera kunyumba mtima uli m'malo, akubwereza mokweza mawu onse amene anamulasa nawo bwanayo. A Telala ankangoyang'ana panja.

M'mawa mwake mayi anadzuka akuimba. Anasita suti yotuwa, anatenthetsa madzi ometera, nalowa nawo kuchipinda. Anapeza amuna awo atakhala m'mphepete mwa bedi, akuyang'ana khoma.

"Tiyeni, bambo, madzi azizira. Tapambana."

"Mwapambana ndinu."

"Mukutanthauza chiyani? Chipata chatseguka. Muzikatsikira pakhomo ngati kale."

"Ndinakupemphani kuti tibwerere."

"Nanga ndikanatani? Anthu aja anatichita chipongwe, inu munaona nokha!"

"Ndinaona," anatero a Telala. Ankalankhula pang'onopang'ono kuti mawu asapotoke. "Anthu aja ananditsekera msewu. Koma amene anandivula pamsewu ndinu, mayi. Kuyambira lero wolowa m'shopu muja azibwera kudzaona mwendo, osati kudzayesa suti. Ine ndinali telala. Dzulo mwandisandutsa kanema."

 Mayi anaika beseni pansi, anagwada, anawagwira bondo, anayesa kuchonderera, anayesa kukalipa, anayesanso kuchonderera. A Telala anangowasisita kumutu ndi dzanja labwino, mopanda mkwiyo, ndipo kupanda mkwiyoko n'kumene kunawalasa koposa.

"Pitani, makasitomala akudikira. Jekete la wamapewa otsika uja muikemo thonje."

Anapita okha. Mlonda atangoona kagalimoto kotuwa patali anakweza chitsulo mpaka kumwamba, n'kumenya saluti yomwe ija ya bwana wa banki. Mayi Sizasi anafuna kutukwana. Mumtima anayambira khonsolo, anapita kwa wa tayi yaifupi, kwa wa banki, kwa eni mafoni onse amene anajambula m'malo mothandiza kunyamula, ndipo aliyense wa iwo ankayeneradi kutukwanidwa. Koma atamaliza onsewo mkwiyo unali udakalipo, ndipo wotsala woti aulandire anali iwo eni. Anaimika galimoto pakhomo pa shopu n'kukhala momwemo, manja ali pachiwongolero, misozi ikutsikira pachibwano.

Patapita kanthawi anamva kugogoda pagalasi. Anali mlonda uja, chipewa chili m'manja.

"Pepani, amayi. Chilolezo chanu n'chotsitsa wodwala basi. Ngati wodwalayo palibe, galimotoyi ituluke."